Klatchi inandithera pachitunda usiku

Amene mumatsatira danga lino mukumudziwa Gogo, Toyota Corolla yanga ya 1998 yosintha magiya ndi dzanja. Dzinali anaipatsa ndi ana a Fomu 2. Kuno kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, galimoto ya mphunzitsi si ya mphunzitsi yekha. Munthu akagogoda pakhomo pakati pa usiku sufunsa zambiri, umangofufuza makiyi.

Mu February anagogoda ndi mlonda wa pasukulu pathu. "Aphunzitsi, kunyumba kuja matenda ayamba." Tinanyamuka cha m'ma 2 koloko kulowera kuchipatala ku Ntchisi boma, mvula ikuwaza. Pachitunda china injini inayamba kulira ngati tikuthamanga, koma galimoto osasuntha. Kenaka fungo la chinthu chopserera linadzaza m'katimo. Tinatsika n'kuika miyala kumatayala. Mayi uja anamaliza ulendo pa njinga yamoto ya kabaza, atapanikizika pakati pa woyendetsa ndi apongozi ake. Anachira bwino, mwana wamkazi. Koma mpaka lero ndikakumana ndi mlonda uja ndimayang'ana pansi.

Chondipweteka n'chakuti klatchiyo inali ndi miyezi isanu yokha. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, masipeya sagwirika, ndipo malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Nditapita ku Lilongwe, wogulitsa pa shopu ina anandiikira mabokosi awiri pakauntala. "Bwana, iyi ndi orijino, iyi ndi ya bajeti, koma kagwiridwe n'kamodzi." Ndinatenga yotchipayo, ndiponso puleti yokha. Mnyamata wina anaimanga pansi pa mtengo wa mango masana amodzi, ine n'kumadzitama kuti ndapulumutsa ndalama.

Gogo atakokedwa mpaka pa Mponela, anagwera m'manja mwa makaniko wina wachikulire. Asanagwire sipanala anandifunsa mafunso ngati kuchipatala: imayamba liti kuterereka, magiya amavuta kulowa kapena ayi, pali phokoso mukaponda, pansi pamene imagona pamadontha chiyani? Atatsitsa giyabokosi anayala zitsulo pa chiguduli n'kundiitana. "Aphunzitsi, bwerani muphunzire nanunso."

Klatchi si chitsulo chimodzi. Pali puleti imene imakhulana ndi flywheel ya injini, pali puresha puleti yoipanikiza, ndiye pali beringi imene imakankha mukaponda. Zitatuzi zimakalamba pamodzi. Ine ndinaika puleti yatsopano pa puresha puleti yotopa, yosapanikizanso mokwanira, choncho inayamba kuterereka pang'onopang'ono chiyambire tsiku loyamba. Kuonjezera apo, silo ya kumbuyo kwa injini inkadontha oilo, ndipo oiloyo anali atanyowetsa puleti yonse. Flywheel nayo inali ndi mawanga obiriwira a kupsa. Mnyamata wa pamango uja zonsezi anaziona, kapena sanayang'ane n'komwe. Sindidziwa chabwino n'chiti. Silo ndi kanthu kotchipa, koma kuti muifikire mpaka giyabokosi itsike. Ndiye ntchito yotsitsa ndinailipira kawiri, kuphatikizapo yokoketsa galimoto.

Choncho mnzanga amene uli ndi galimoto yokalamba, yamba wapeza makaniko, sipeya pambuyo. Makaniko amene wangomva kuti magiya akuvuta n'kunena pomwepo kuti "kaguleni klatchi", muthaweni. M'magalimoto ambiri klatchi imayendera mafuta onga a mabuleki, ndipo mafutawo akatha kapena silinda ikamadontha, magiya amakana kulowa pamene puleti ili bwinobwino. Kuyesa ngati ikuterereka mungathe nokha: pamalo a thyathyathya kokani handibuleki, ikani giya 4, n'kumasiya klatchi pang'onopang'ono. Injini ikazima, ikugwirabe. Ikapitiriza kulira, yatha. Musachite kawirikawiri, kuyesako nakonso kumaidya.

Satifiketi ya TEVETA kapena ya trade test ikakhalapo ndi bwino, koma ine ndimakhulupirira kwambiri madalaivala a mapikapu amene amakweza katundu zitunda zomwezi tsiku ndi tsiku. Afunseni amene anawamangira klatchi, ndiponso kuti papita nthawi yaitali bwanji. Funso lachiwirilo ndiye lenileni. Tsiku lomanga khalani pomwepo. Onani ngati ali ndi chowongolera puleti kuti ikhale pakatikati; ambiri amagwiritsa shafti ya giyabokosi yakale, ndipo imagwira ntchito. Onani ngati akumanga mabawuti mopingasa, pang'onopang'ono, osati kumaliza limodzi n'kupita pa lotsatira. Giyabokosi isalendewere pa puleti pokweza, imaipinda. Ndipo zitsulo zakale akupatseni m'manja, mudzionere kuti zatsopano zalowadi.

Pokagula, nyamulani puleti yakale ndi nambala ya chasisi. Magalimoto athu ambiri anachokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, ndipo ena anasinthidwapo injini kapena giyabokosi m'manja mwa eni ake akale, moti dzina loti Corolla palokha silikwanira. Gundanitsani yakale ndi yatsopano, muone kukula kwake, muwerenge mano a pabowo la pakati. Maina odziwika ndi Aisin ndi Exedy a ku Japan, komanso LuK, Sachs ndi Valeo a ku Ulaya. Aisin ndi kampani ya m'banja la Toyota lomwelo. Koma dzina la pabokosi aliyense angasindikize. Tsegulani, muone ngati dzina ndi nambala zadindidwa pachitsulo penipeni, mugwedeze mumve ngati masipuling'i sakuchita phokoso. Mtengo ukatsika kwambiri kusiyana ndi mashopu ena onse, dzifunseni chifukwa. Ku Biwi ndi ku Malangalanga mashopu ndi ambiri, yendani atatu kapena anayi, ndipo wokana kulemba lisiti musiyireni katundu wake.

Za masipeya ophwasula m'magalimoto ena, chitseko kapena giyabokosi ndingagule. Puleti ayi. Ili ngati choko: chogwiritsidwa kale ntchito ndi chachifupi basi.

Mlandu wina ndi wanga, ndivomere. Madala aja atayenda nane pang'ono anandimenya pabondo. "Phazi ilo likufuna chiyani pamenepo?" Ndinali ndi chizolowezi chogoneka phazi pa klatchi, ndiponso choimika galimoto pachitunda ndi hafu klatchi m'malo mwa handibuleki. Onjezanipo matumba a soya amene ndimanyamulira alamu anga nthawi yokolola, mupeza kuti ngakhale ya Aisin ikanalira.

Ulendo uno ndinagula zonse zitatu ndi silo yomwe, flywheel n'kukapalitsa ku Lilongwe. Ndalama yake ndinakongola ku banki m'khonde ya aphunzitsi, ndipo ndimaliza kubweza teremu ikubwerayi. Puleti yopserera ija ndinaisunga. Ili mu kabati ya labotale, ndimaphunzitsira friction ku Fomu 3. Ana amaipatsirana m'manja n'kumainunkhiza, fungo lija silinathebe.