"Bwelani mawa" si malipilo

Nchito ikatha pa Zed, kulibe ofesi ya boma imene imakutumizila kandalama mwezi na mwezi mpaka upeze ina. Anzathu amene anasewenzako ku South Africa adziwa UIF: wanchito amaikako 1 peresenti ya malipilo ake, bwana nayenso 1 peresenti, ndipo nchito ikatha umalandilako kanthu kwa miyezi ingapo. Ife tilibe zimenezo. Cimene cimatichinga ku njala ni ndalama imene abwana afunika kutipatsa potitulutsa. Ikacedwa, lendi siyembekeza.

Ndipo imacedwa. Nyimbo yake tonse tiidziwa. "Bwelani mawa." "Akauntanti sanabwele." "Adailekita ali kunja, akabwela adzasaina." Ukwela basi kucoka ku Kanyama kapena ku Mtendere na ndalama yobweleka, ukhala pa benchi mpaka ma 16, ubwelela cimanjamanja. Pofika mwezi wacitatu alandilodi acotsa citseko, foni uli utagulitsa, ndipo wa kaloba adziwa kale pamene ugona.

Cimene cimatipweteka n'cakuti lamulo lilipo, ndipo silibisa mau. Employment Code Act ya 2019 imakamba kuti ngati akucotsa cifukwa nchito yacepa kapena kampani ikutseka, afunika kukudziwitsa masiku 30 pasadakhale, na kukupatsa malipilo a miyezi iwili pa caka ciliconse cimene wasewenza. Ngati unali kufola K3,000 ndipo wagwila zaka zitatu, ni K18,000. Ndalama imeneyo ifunika kutuluka pofika tsiku lako lomaliza. Ngati abwana alephela, lamulo limati apitilize kukulipila malipilo ako onse mwezi na mwezi mpaka atamaliza nkhongoleyo. Kwa ambili amene ali pa kontilakiti yopitilila caka, pali gratuity yosacepela 25 peresenti ya besiki yonse imene analandila.

Nanga icedwelanji? Tamva za bizinesi kuvuta, za malaiti kuzima, za kwacha kugwa. Sitikana, 2024 inali caka cowawa kwa aliyense wocita malonda. Koma gratuity siibwela modzidzimutsa ngati malilo. Tsiku limene bwana asaina kontilakiti amadziwa kale tsiku limene idzatha na ndalama imene adzafunika kupeleka. Ngati sanasunge padela, ndiye kuti anadya ndalama yako ukali pa nchito. Ena amacedwetsa dala, podziwa kuti munthu wanjala satha kuyenda ku ofesi kakhumi. Adikila utope, kenako akuponyela theka na kapepala kakuti usaine kuti zonse zatha. Ena sanakupatse ngakhale kontilakiti yolembedwa, kuti tsiku la mavuto ukhale wopanda umboni.

Wina adzati, "Nanga NAPSA?" Zoona, kuyambila 2023 munthu angatengeko 20 peresenti ya zimene anasonkha asanafike pa penshoni. Koma ni kamodzi cabe, ndipo ufunika kukhala utasonkha miyezi 60 kapena utafika zaka 45. Mtsikana wa zaka 24 amene wagulitsa m'shopu zaka ziwili sakwanapo. Ndipo amene akwanapo ena amapeza miyezi ikusowa pa sitetimenti, cifukwa bwana anali kudula 5 peresenti pa peyisilipu koma osaipeleka. Kumeneko ni kuba, ngakhale wakubayo avale tayi.

Nafenso tili na mlandu wathu. Timapita kukapempha ndalama yathu ngati tikupempha mcele kwa aneba, manja kumbuyo, "pepani bwana". Timasaina mapepala osawelenga. Timaopa kuti tikakweza mau dzina lathu lidzaipa m'tauni. Mantha amenewa ndiwo kapitolo ya abwana otele.

Manje tiyeni tisinthe kacitidwe. Sunga kontilakiti, mapeyisilipu na kalata yokucotsa. Zijambule pa foni, uzitumize kwa m'bale wako. Yang'ana akaunti yako ya NAPSA ukali pa nchito, osayembekeza tsiku lokucotsa. Ndalama ikacedwa, lemba kalata, ika deti, sunga kope yodinda. Akapitiliza kukuzungulitsa, pita ku ofesi ya leba; ngati munacotsedwa ambili, pitani pamodzi. Zikakanika, nkhani za nchito zili na mbali yake ku High Court, koma nthawi yokasuma ni masiku 90, ndipo "bwelani mawa" aliyense amadya masiku amenewo. Amene alibe ya loya afunse ku Legal Aid Board.

Kwa aphungu amene amabwela m'komboni na zitenje nthawi ya kampeni, funso lathu ni limodzi: thumba lothandiza anthu amene nchito yawathela lidzakhazikitsidwa liti? Timadulidwa kale ya NAPSA, ya NHIMA, ndipo ena ya msonkho. Dziko limene lidziwa kutenga ndalama pa peyisilipu tsiku lake lenileni lingathenso kuphunzila kuibweza pa nthawi yake.

Ndalama imeneyi tinaigwilila nchito. Aliyense wotiuza kuti "bwelani mawa", timufunse deti, ndipo ailembe pa pepala.