Tiwerenge Katundu Tisanasenzetse Waya

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, akulu akale anati walira mvula walira matope. Zaka zambiri tinalira magetsi. Makina a pa Nkula anayamba kupukusa magetsi pa mtsinje wa Shire m'caka ca 1966, ndipo nchito ya Boma yofikitsa magetsi ku midzi, imene ichedwa MAREP, inayamba m'caka ca 1980. Tsopano mapolo aima pa misika yathu ina, ndipo ena a ife tiyatsa babu m'nyumba. Matope ace ndi awa: ambiri tiyesa kuti waya akangolowa m'nyumba angathe kusenza ciri conse. Ife tikuti iai. Bokosi lija la pa khoma liri ndi malire, ndipo wodumpha malirewo aitana moto pa nyumba yace ndi ya mnansi wace.

Masamu ace ngapafupi, mwana wa sukulu angathe kuwacita. Magetsi a ESCOM alowa m'nyumba ndi mphamvu ya mavolti 230. Pa ciwiya ciri conse ca magetsi analemba, kunsi kapena kumbuyo, mawati amene cimadya. Gawani mawatiwo ndi 230 ndipo mupeza maampu, ndiwo muyeso wa katundu amene waya asenza. Ketulo ya mawati 2,000 ikoka pafupi maampu 9, ndiko kuti idya monga mababu a makono oposa 200 a mawati 9. Nsimbi ya mawati 1,200 ikoka maampu 5. Mbaula ya mbale ziwiri ya mawati 2,500 ikoka pafupi maampu 11. Zitatuzi pamodzi ndi maampu 25. Koma pulagi ya mano atatu imene tigula m'sitolo anaipanga kuti isenze maampu 13 okha, ndiwo mawati pafupi 3,000. Munthu wolumikiza zitatuzi pa soketi imodzi wasenzetsa mwana thumba la wamkulu.

Waya akalemedwa amatentha, ndipo kutenthako kukula msanga kuposa katundu: mukawirikiza maampu kawiri, kutentha kuwirikiza kanai. Khungu la waya lisungunuka, mawaya akhudzana, moto ubuka m'denga usiku anthu ali m'tulo. Cifukwa cace anaika fyuzi kapena bureka m'bokosi muja. Iye ndiye mlonda wa waya, ndipo kukula kwace kuyenera kulingana ndi kunenepa kwa wayayo. Amisiri amaika waya wa saizi 1.5 ku mababu, wa 2.5 ku masoketi, ndi wonenepa, monga wa 6, ku kuka yaikulu. Bureka akathimitsa magetsi, wanena kuti katundu wacuruka kapena pena palakwika. Tsono pali ena amene akatopa ndi kuthimathima acotsa bureka wa maampu 20 naika wa 40 pa waya yemwe uja, kapena asomeka msomali m'malo mwa fyuzi. Kuteroko ndiko kumanga pakamwa galu wouwa mbala. Magetsi aleka kuthima ndithu, koma amene apsa tsopano ndi waya wa m'khoma.

Ena adzati, "Inu a Mlembi, kodi magetsi tinalirira babu lokha? Tifuna kuphika, tifuna kuocherera zitsulo, tifuna cigayo, kuti tipeze ndalama. Mmisiri afuna malipiro, nanga ife tizitenga kuti?" Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo tiwabvomera. Mai wophika ndi magetsi apulumutsa mitengo imene ikutha ndi makala, ndipo mnyamata woocherera zitseko pa msika pathu sathawira ku Blantyre kukafuna nchito. Koma zolemerazi zifuna njira yaceyace yocokera ku bokosi, waya wace ndi bureka wace. Mota wa cigayo cacikulu afuna magetsi a three phase a mavolti 400, ndiponso pa kudzuka akoka maampu kangapo kuposa amene akoka ali m'kati moyenda. Waya wa m'nyumba sangathe zimenezo. Kumbukiraninso kuti thiransifoma ya pa polo ndi imodzi ya tonse. Ikalemedwa, mababu a mudzi wonse aphethira, mafiriji a m'magolosale abvutika, ndipo ikapsa tikhala mu mdima tonse, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Malipiro a mmisiri ngocepa poyerekeza ndi nyumba, mbeu za m'nkhokwe ndi moyo wa ana.

Cotero tipempha mamembala onse zinthu zinai. Coyamba, musayatse ziwiya zotentha ziwiri pa soketi imodzi. Sitani mutatha kuphika. Caciwiri, pulagi ikatentha pa dzanja, kapena mukamva pfungo la pulasitiki wopsa, thimitsani ku bokosi nthawi yomweyo. Cacitatu, wogwira bokosi la magetsi akhale mmisiri wa ciphaso ca MERA, ndipo musacite manyazi kumuuza kuti akuonetseni ciphasoco. Popeza mutu umodzi susenza denga, mabanja asanu kapena khumi asonkhe ndalama ya ulendo wace kuti aone nyumba zonse tsiku limodzi. Cacinai, wofuna cigayo kapena makina oocherera ayambe wapita ku ofesi ya ESCOM kukanena kukula kwa makinawo asanagule. Safunsa anadya phula.

Pa msonkhano wa nthambi ukudzawu, yense amene ali ndi magetsi abwere ndi pepala lolembapo mawati a ziwiya zace ndi manambala a pa bureka ali yense wa m'bokosi mwace. Coko ndi bolodi zidzakhalapo, ndipo tidzawerengera pamodzi nyumba ndi nyumba. Amai abwere ambiri, pakuti mbaula ndi nsimbi ziri m'manja mwao.

Mlembi wa Nthambi