Geti la mota lilibe maso

Pa geti la Thazima, polowera ku Nyika, galimoto imadikira munthu: mlonda amayang'ana kaye asanatsegule, ndipo mwana atathamangira pamsewu angamuone. Mageti oyendera mota amene akuchuluka m'nyumba za ku Mzuzu ndi ku Lilongwe alibe maso otere, n'chifukwa chake mwini nyumba ayenera kuwatenga ngati chida choopsa, osati chongodzionetsera. Ku America lamulo lidalamula kuti kuyambira 1993 makina atsopano otsegulira chitseko cha galaja azikhala ndi chipangizo chobweza chitseko chikakumana ndi chinthu, chifukwa ana adafapo atapanikizidwa. Kuyesa ngati geti lanu limabwerera chimodzimodzi n'kosavuta: ikani thabwa panjira ya geti kamodzi pamwezi, dinani rimoti, ndipo geti likapanda kubwerera itanani mmisiri tsiku lomwelo. Ena adzati zimenezi n'zongodya ndalama poti geti likuyenda bwinobwino. Koma zambiri sizifuna ngakhale tambala: kusesa fumbi ndi timiyala panjanji yake, makamaka m'chilimwe, kupukuta timaso take tamagetsi tozindikira chinthu panjira, ndi kudziwa pomwe pali kiyi womasulira mota magetsi a ESCOM akathima, kuti musamalimbane nalo mumdima. Rimoti nayo isamasiyidwe m'galimoto kapena patebulo pofikira ana. Kabatire kake kozungulira ngati ndalama yachitsulo, mwana akakameza, kangawotche kummero m'maola awiri okha. Eni nyumba, musamadine rimoti geti musakuliona.