Dzanja lotambasuka pamaloboti

Aliyense woyenda mu Limbe, pa Ginnery Corner kapena kudepoti ya mabasi ku Lilongwe amawadziwa mawu aja akuti, "Bwana, thandizeni." Nthawi zina amachokera kwa kamnyamata kopanda nsapato. Nthawi zina ndi mayi wosaona, dzanja lake lili paphewa la kamtsikana kamene nthawi imeneyo kanayenera kukhala m'kalasi. Akhristu awiri opemphera mpingo umodzi, okonda Mulungu mofanana, amasiyana pamenepa. Wina amapisa m'thumba, wina amapukusa mutu n'kupitirira, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka.

Wopatsa uja ali ndi Malemba kumbali yake. Pa Mateyu 25, Yesu amadziika m'malo mwa wanjala, wausiwa, wodwala ndi wandende, ndipo saikapo lamulo loti tiyambe tafufuza ngati munthuyo adadzichititsa yekha. Msamariya uja sanafunse kuti wovulalayo ankatani yekhayekha mumsewu wa achifwamba. Anamutsuka mabala, n'kulipira kunyumba ya alendo. Ndiponso njala sidikira kuti komiti ikumane. Amene adaona chaka cha 2002 amakumbukira mabanja akuphika zitsinde za nthochi, gaga atasanduka chakudya chofunidwa. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula matope ndi miyala paphiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu adathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi ali ndi zovala za m'thupi zokha. Usiku umenewo chofunika chidali bulangete, ufa ndi ndowa, ndipo amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika amene adafika ndi miphika yawo adachita chimene chikhulupiriro chimafuna.

Pali anthu enanso amene mawu akuti "adziimire paokha" sawakhudza n'komwe. Agogo a zaka 80 olera zidzukulu zinayi zamasiye sangakalime dimba. Boma lomwe lidavomereza izi pamene lidayambitsa Mtukula Pakhomo ku Mchinji m'chaka cha 2006, kupereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Ngati boma likudziwa kuti alipo ofunika kungopatsidwa, mpingo sungakhale wouma mtima kuposa boma.

Koma wopitirira uja tisafulumire kumutcha woumira. Ambiri mwa anthu amene amatichenjeza za kupatsa ana ndalama mumsewu ndi omwe amakhala ndi anawo tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito ya mabungwe ngati Chisomo Children's Club ku Blantyre ndi Tikondane ku Lilongwe n'kubwezera anawo kwawo ndi kusukulu. Mwana akazolowera kugwira ndalama dzuwa lisanalowe, sukulu imamutayitsa nthawi. Ena amachita kutumidwa ndi akuluakulu amene amadikira poteropo kuti alandire zonse madzulo. Apa K500 yako yachifundo ndiyo ikumangirira mwanayo pamalobotipo, pomwe pali galimoto, mvula ndi anthu oipa mitima. Zimenezi n'zowawa kumva kwa munthu amene amapereka ndi mtima wonse, koma n'zoona.

Kumudzi nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Thandizo likamabwera chaka ndi chaka, maso a anthu amakhala pa kaundula wa mayina m'malo mwa munda. Abale amadana chifukwa cha thumba la chimanga. Ndipo pali kapatsidwe kochotsa ulemu: nkhalamba kuikhazika padzuwa maola atatu, kuiimbitsa nyimbo, kuigwiritsa paketi ya shuga kuti aijambule, madzulo chithunzi chili pa Facebook. Yesu mwiniwake adaletsa kupatsa kodzionetsera. Nayenso Paulo adadzudzula a ku Tesalonika amene adasiya ntchito n'kumadya thukuta la anzawo. Ambali ya wopitirira uja amaloza zinthu zokhalitsa: zipatala za mishoni monga Nkhoma, Malamulo ndi Ekwendeni, sukulu zimene zidatulutsa aphunzitsi ndi anamwino kuchokera m'mabanja osauka, mbuzi zopatsirana, banki m'khonde. Mayi amene wabwereka ndalama kugulu lake n'kuyamba geni ya mandasi amayenda mutu uli m'mwamba.

Ine ndimaona kuti pa nkhani ya mwana wa mumsewu, ambali yachiwiri akunena zoona. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mfundo yawo ndi yotsika mtengo kwambiri kwa ife tonse. Kukana kupereka sikulira kanthu. Amene wabweza dzanja lake ponena kuti zaulere zimabala ulesi, adzifunse kumene ndalamayo yapita. Kodi yalipirira mwana wina yunifolomu? Yafika kwa amene amasamala anawo? Ngati yangobwerera m'thumba, ndiye kuti mfundo yabwino yasanduka pobisalira.

Pali gawo lina la nkhaniyi limene mbali zonse ziwiri zimakonda kulilambalala. Levitiko 19 amalamula mwini munda kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiyeko khunkha la osauka ndi alendo. Wosaukayo amagwira ntchito ndi manja ake, koma mwini munda ndiye amataya gawo la phindu lake, ndipo sachita kupemphedwa. Mutu womwewo umaletsa kugoneka malipiro a waganyu mpaka m'mawa. Apa ndiye pamatipweteka. Ndi angati mwa ife amene timapereka chakhumi mokhulupirika, koma mtsikana wantchito kunyumba amalandira ndalama yosakwana thumba la chimanga, mwinanso mochedwa? Mlonda wogona panja m'chisanu cha Juni, mayi wopalira ndime yonse kuti apatsidwe mbale ya ufa, mlimi amene timamugula soya pamtengo wolira chifukwa tikudziwa kuti mwana wake ali m'chipatala: onsewa sapempha pamsewu, koma ana awo ndiwo amadzafika kumeneko.

Maepiskopi a Katolika adakhudza bala lomweli m'kalata yawo imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Ambiri timaikumbukira chifukwa cha ndale, koma idadandaulanso za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito ndi mitengo imene alimi ankapatsidwa. Boma la nthawi imeneyo lidakwiya, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko muno. Kugawa ufa sikunathamangitsepo munthu. Kufunsa chifukwa chake mlimi wolima chimanga amagona ndi njala mu Febuluwale ndiko kumavuta, ndipo funso limenelo likufunika kumvekanso m'maguwa athu, m'milaga ndi m'miphakati, ngakhale pamene wolipira antchito moperewerayo ali mkulu wa mpingo wokhala pampando wakutsogolo.