Makande athuwa sanalakwe

Pepani ndinasowa, ndinali kalikiliki ndi kuchonga mayeso. Lero ndabwera ndi nkhani ya dothi.

Aliyense amene anakhalapo kuno kwa Kalembo amawadziwa makande. Mu Okutobala nthaka imachita ming'alu yoti dzanja n'kulowa, khasu limangonjanja ngati wamenya mwala. Ikabwera mvula ya mu Januwale, dothi lomwelo limasanduka phala lomata, lovula munthu nsapato, njinga kumachita kusenza paphewa. Ndiye anthu amati, "Aphunzitsi, kuno masamba sachita nthawi ya dzinja." Ine ndikukana. Makande sanalakwe, talakwa ndife polima ngati tili pa mchenga.

Amene munaphunzira Agriculture mukukumbukira kuti timibulu ta dothi lotere n'tochepa kuposa mamilimita 0.002. Timathithikana, madzi satsika msanga, mizu imasowa mpweya n'kuyamba kuola. Mpiru umachita chikasu uli m'madzi, mwini wake n'kumaganiza kuti wasowa feteleza. Komatu dothi lomweli limasunga chakudya cha mbewu kuposa mchenga. Si paja thonje limakondwa kuno ku Balaka? Chosowa ndi njira yoti madzi achoke ndipo mpweya ulowe. Njira yake ndi bedi lokwera.

Ndiulule kupusa kwanga. Chaka china ndinalipira ngolo ziwiri za mchenga n'kuthira padimba la kuseri kwa nyumba, ati kufewetsa dothi. Litauma linalimba ngati konkire. Dothi la makande limangodzaza mipata ya mchenga wochepawo, basi mwaumba njerwa. Mayi a kunyumba amandiseka mpaka lero. Chofewetsa makande ndi manyowa: a m'khola la mbuzi, kompositi, mapesi ndi masamba oolerana.

Panopa ndimachita chonchi. Ndimadikira dothi likhale lachinyezi, loti ukalifinya m'manja limafumbutuka osamata. Kulima makande ali chinyowere n'kuwononga, amauma zibuma. Ndimayeza bedi mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati popanda kupondapo. Ndimakumba mozama ndi piki kuswa pansi polimba pomwe khasu limalekezera chaka ndi chaka. Kenako ndimakokera dothi la m'tinjira pamwamba, n'kusakaniza ndi manyowa, mpaka bedi litakwera masentimita 20 kapena 30. Tinjirato timasanduka ngalande zotulutsa madzi. Matabwa m'mbali musavutike nawo, chiswe cha kuno sichichedwa. Zidutswa za njerwa zimakwanira, apo ayi ingosiyani m'mbali motsetsereka. Pomaliza ndimaphimbira ndi udzu wouma. Lamulo lalikulu ndi limodzi: pabedi sipapondedwa, kaya ndi mwana, kaya ndi ahedi.

Izi sindinazitulukire ine. Makolo athu ankaunda matutu a mbatata m'madambo pa chifukwa chomwechi. Bungwe la Tiyeni la ku Mzuzu nalo limaphunzitsa alimi mabedi a mita imodzi, okumbidwa masentimita 30 pansi ndipo osapondedwa, ngakhale awo cholinga chachikulu n'chakuti madzi alowe m'nthaka m'minda ya chimanga.

Mnzanga wina mu stafu rumu ananditsutsa. Anati Balaka ndi dera louma, bedi lokwera limauma msanga, ndiye ukutaya madzi pomwe anthu akuwalira. Akunena zoona, koma mbali imodzi. M'chilimwe, pamene tikutunga pa mjigo ndi keni, bedi lolowa pansi ndiye labwino chifukwa limasunga dontho lililonse. Koma taonani zaka zapitazi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anasiya minda yambiri m'chigawo cha kummwera ili m'madzi. Chaka chotsatira, 2024, ng'amba ya El Niño inapsereza chimanga, boma mpaka kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Walira mvula walira matope. Mlimi wa pa makande ayenera kudziwa mabedi onse awiri ndi nyengo yake. Ndipo manyowa ndi kuphimbira zimathandiza konsekonse, madzi akachuluka ngakhale akachepa.

Tsono apa ndi pomwe pakundiwawa, aphunzitsi anzanga. Ana athu amalemba bwinobwino pa mayeso a MSCE kusiyana kwa bedi lokwera ndi lolowa, mpaka kujambula ndi rula. Apatseni khasu muone! Ndipo tisawanene, tinawaphunzitsa ndife. Mwana akachedwa, kudimba. Akalongolola m'kalasi, kudimba. Akapanda kulemba homuweki, akakumbe dzenje. Zaka zinayi tikumuuza kuti khasu ndi chibalo, kenako tikudabwa kuti akamaliza Fomu 4 akukhala pa Ulongwe kudikira ganyu, ndiwo zamasamba akugula, malo ali kuseri kwa nyumba. Inenso ndinatumizapo ana ambiri kudimba nditakwiya. Ena mwa inu mukuwerenga pano. Pepani.

Pempho langa ndi laling'ono. Dimba lichoke pa mndandanda wa zilango. Kalasi iliyonse ikhale ndi mabedi ake awiri, lokwera ndi lolowa, ana aziyeza okha, azilemba zomwe akuona, ndipo zokolola azidya kapena kugulitsa iwo eni. Sizifuna thandizo la mabungwe. Zifuna piki imodzi, manyowa a mbuzi, ndi mphunzitsi wosaopa kudetsa nsapato.

Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Makandewa ndi omwe tili nawo, ndipo sitisamuka.

Inu amene muli m'tauni, mukabwera ku holide mudzandipeze. Mpiru ulipo, koma mudzathyola mutaima m'kanjira.