Jakisoni wa Galu Ndi Chishango cha Mwana

Pali anthu ena amene amaseka akaona achinyamata odzipereka akuyenda khomo ndi khomo kubaya agalu katemera. Iwo amati anthu akusowa mankhwala m'zipatala, nanga kutaya nthawi ndi agalu n'kwanji? Mawu otere amakoma pabwalo la bawo, koma ngopanda mutu.

Chiwewe chimafika kwa munthu kudzera mwa galu, ndipo kawirikawiri olumidwa amakhala ana. Zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka, palibe sing'anga kapena dokotala amene angamuwombole mwanayo. Akatswiri adapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera, nthendayi imaleka kufala. N'chifukwa chake m'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies lidayamba ntchitoyi mumzinda wa Blantyre, ndipo m'masiku 20 okha agalu oposa 35,000 adabayidwa. Kodi jakisoni ameneyo adapulumutsa galu yekha?

Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa oseka aja ndi omwe amasunga galu wa nthiti zowerengeka, womangidwa paunyolo dzuwa lili paliwombo, wopanda ndi madzi omwe. Usiku amafuna awalondere katundu, kukacha amamugenda. Ana awo amaonerera, naphunzira kuti chosatha kudziyankhulira n'choyenera ndodo, chikhale chiweto kapena nkhalamba yodwala. Komabe tsiku la katemera likafika, amene amakoka galuyo ndi chingwe chamlaza kukaima naye pamzere ndi mwana wasukulu, bambo ali khale pamthunzi.