Masiteshoni a sitima asagwe ife tikuona

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa za masiteshoni a sitima zapamtunda m'dziko muno, poti ambiri mwa iwo akukalamba mwakachetechete.

Njanji inafika ku Blantyre kuchokera ku Nsanje m'chaka cha 1908, ku Salima mu 1935, ndipo ku Mchinji mu 1980. Ife achikulire tikukumbukira kuti siteshoni ya Limbe inali ngati mudzi pawokha. Anthu ankagona pamenepo ndi akatundu awo kudikira sitima, amayi akugulitsa nthochi ndi mzimbe, ena akutsanzikana ndi abale opita kukafuna ntchito kutali. Lero ambiri amakwera mabasi ndi maminibasi. Kumwera nako, madzi atakokolola njanji ku Chiromo mu 1997, masiteshoni a Bangula ndi Nsanje anakhala zaka zoposa 20 osalandira sitima yochokera ku Limbe. Kuno ku Neno njanji yatsopano inadutsa ndithu, koma anaimangira malasha ochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala.

Sindikunena kuti masiku akale abwerere. Chomwe ndikunena n'chakuti nyumba yopanda munthu sichedwa kugwa. Malata amayamba kudontha, chiswe n'kulowa, akuba n'kumaliza ndi zitseko zomwe.

Anzathu kunjaku anaona msanga. Ku Paris, siteshoni ya Orsay anaisandutsa nyumba yoonetseramo zithunzi ndi zosemasema mu 1986. Ku Detroit, m'dziko la America, siteshoni yaikulu yomwe inatsekedwa mu 1988 inakonzedwa ndi kampani ya Ford n'kutsegulidwanso mu 2024. Pafupi pompano, ku Maputo, mbali ina ya siteshoni amasungiramo mbiri ya njanji pamene sitima zikuyendabe.

Ngakhale kwathu kuno chitsanzo chilipo. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, idakali chilili chifukwa muli laibulale ndipo anthu amalowamo. Inu abusa ndi ansembe mukudziwanso kuti tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinatha kumangidwa mu 1891, chikanagwa kalekale pakanapanda akhristu ochisesa ndi kuchikonza.

Choncho ndikupempha boma, eni njanji, makhonsolo ndi mafumu kuti akhale pansi n'kuwerenga nyumba zonse za njanji zimene zangokhala. Zina zisanduke malaibulale, zina mosungiramo mbewu za alimi, zina mophunzitsiramo achinyamata ukalipentala ndi utelala. Ku Limbe apatuleko chipinda chosungiramo matikiti akale, mabelu, nyali ndi zithunzi, kuti ana asukulu azikaona okha zimene ine ndinkangowajambulira pabolodi.

Makolo athu ndiwo anakumba dothi ndi kusenza zitsulo za njanjiyi. Thukuta lawo lisapite pachabe. Paja akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Lisungwi, Neno.